Laputopu ya Mlamu Wanga Itazima

Inu amene mukuona ngati zanu zikuchedwa, imvani za mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga.

Tsiku lomwe laputopu yake inazima yokha, anangogwira kumutu. M'chipinda monse munali fungo la pulasitiki wotentha. Ine ndinanyamula mwana n'kuthawira panja, poganiza kuti chinthucho chiphulika.

Mlamuyu mayeso anawalephera kawiri, mpaka anzake anamutcha Kabwereza. Ankakhala nafe. Chomwe ankatha n'kulumikiza mavidiyo, luso lomwe anadziphunzitsa yekha pa laputopu yakale yochita kupatsidwa. Ndiye wojambula maukwati wina anamuyesa: akonze vidiyo ya ukwati pofika Loweruka, ikakoma amulemba ntchito. Ikakanika, mkulu wake, amuna angawo, anali atanena kale kuti azikasenza matumba kumsika.

Koma laputopuyo inkayenda ngati nkhono. Mnzake wina anamuuza za pulogalamu yokakamiza purosesa, ubongo wa makinawo, kuti izithamanga kuposa mmene anaipangira. Mlamu anaiika. Inafulumiradi pang'ono, fani n'kumalira ngati chigayo. Komanso poopa mwana wanga, yemwe ankakwawa n'kumakoka mawaya, ankagwirira ntchito pabedi, laputopu ili pabulangete. Timabowo tonse ta mpweya tinatsekeka, mpaka inazima tsiku lija.

Kutacha ndinamuperekeza kwa mayi wina wokonza makompyuta, mwana ali kumsana. Mayiwo atatsegula kunsi kwake, anasolola fumbi lolukana ngati thonje.

"Achimwene, mwandibweretsera laputopu kapena mbaula?" anafunsa.

Mlamu anafotokoza zonse, n'kufunsa ngati palibe njira yoithamangitsira popanda ngozi.

"Kompyuta yaikulu ya patebulo ili ndi malo, mafani akuluakulu, mpweya umayenda," anatero mayiwo. "Iyi ndi kachipinda kopanda windo. Mukaikakamiza imatentha, ikatentha imachepetsa yokha liwiro, mukalimbikira imazima. Mwayi wanu yazima isanapse." Kenako analoza kumsana kwanga. "Amayi, uyu akatentha thupi mumamuuza kuti athamange?"

Ine ndinapukusa mutu.

Mayiwo anaipukuta laputopuyo, anapaka mankhwala othandiza purosesa kuzizira, n'kuiyatsa. Inayaka, ntchito yonse ilimo. Pulogalamu ija anaichotsa pomwepo, ndipo laputopu inabwerera ku liwiro lake lankhono.

Kunyumba, mlamu anaika laputopu patebulo, pamwamba pa zitsekerero za mabotolo kuti mpweya uzidutsa pansi. Ine mwana sindinamutsitse kumsana. Pena ndinkadutsa n'kukhudza makinawo ndi kuseri kwa dzanja, mlamu n'kumaseka.

"Alamu, wodwala wanu ali bwanji lero?"

Vidiyo anaiduladula tizigawo ting'onoting'ono, kuti makina azimaliza kamodzi kenako kena. Kudikira kunali kowawa. Koma m'malo mokhala chabe, ankaoneranso zomwe zinajambulidwa, mobwerezabwereza. Mpamene anayamba kuona zomwe ankadumpha pothamanga paja. Pakona, kuseri kwa ovina, bambo a mkwatibwi ankapukuta misozi ndi tayi, akuyesa kuti palibe akuwaona.

Anandiitana kuti ndione. Anali atawakoka pafupi bambowo, nyimbo ataitsitsa, kenako nkhope ya mwana wawo ikumwetulira. Sindiwadziwa anthuwo, koma ndinalira. Ndinamuyang'ana mnyamata amene ndinkamupakulira chakudya ndikumumvera chisoni, ndipo ndinachita naye mantha. Zoterezi zinkakhala kuti mwa iyeyu?

Loweruka wojambula uja anabwera yekha kunyumba. Anaonera ali chiimire. Atafika pa bambo aja anaimitsa vidiyo, n'kubwezera m'mbuyo.

"Izi ndinajambula ndine? Ine sindinazione." Anatembenukira kwa mlamu. "Lolemba ubwere. Pali maukwati ena akukudikira."

Lero mlamu ali ndi kachipinda kake kogwirira ntchito, ndipo akwati amachita kumulimbirana.

Inu amene anzanu anakupitirirani, musadziwotche pofuna kuwapeza. Yendani pa liwiro limene mungathe, maso ali otsegula, chifukwa pali zina zimene othamanga saziona. Musataye mtima.