Chimanga Chapepo

Dzulo ndikusongola pensulo ndi lezala, fungo la kamtengo kake linanditengera kwathu ku Ludzi, ndili sitandade folo.

Malume anga, oyendetsa thiraki, anali atandigulira mapensulo amitundu ku Chipata. Ndinakhala pamzere m'munda mwathu n'kujambula chimanga chofika m'mawondo. M'mphepete mwa masamba ake munali mofiirira ngati khungu la mbatata, ndipo munandikongolera moti pensulo yapepo inatsala kachidutswa.

Kusukulu aphunzitsi anangoti, "Chimanga chimakhala chobiriwira, iwe," n'kundibwezera pepala. Ndinakalikhomabe pachitseko chathu ndi kamsomali.

Loweruka alangizi a zaulimi anapatukira pakhomo kudzapempha madzi akumwa. Anayang'anitsitsa pepalalo kapu ili m'manja.

"Munda umenewu ndi wa ndani, mayi?"

"Ndi wathu. Mwanayu amangopaka zam'mutu mwake," anatero amayi mwamanyazi.

"Si zam'mutu izi. Chimangachi chili ndi njala, nthaka yaguga. Mukachedwa kuthira chakudya simukolola."

Ine zinandinyansa. "Komatu n'chokongola," ndinatero.

Alangizi anaseka mpaka madzi anatayikira pansapato zawo. "N'chokongoladi, sindikukana. Tiye ukandilozere mzere wake."

Anandikweza pakaliyala wa njinga yawo, amayi akubwera m'mbuyo ndi khasu paphewa. Kachidutswa kapepo kaja ndinali nditakafumbata zolimba. Tikudutsa munda wa aneba, alangizi anachepetsa liwiro, n'kusuzumira masamba a chimanga cha m'menemo.

"Iwe," anatero osacheuka, "pensulo yachikasu ukadali nayo?"