Magazi a Nkhunzi Yonenepa

Ntchito ya ku labu ndinaipeza ndi bodza, ndiyambe ndavomera zimenezo. Kunali kumayambiriro kwa matipate, ine ndikuthyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, dengu langa lopepuka kuposa la nkhalamba zonse. Tsiku lina kapitawo anafunsa ngati pali wodziwa ng'ombe. Ndinaimika mkono. Ndinati bambo anga anali ndi khola lodzaza ku Khonjeni. Koma kwathu kunali abakha awiri, wina wotsimphina.

Esitetiyo inali ndi ng'ombe za mkaka, ndipo nkhupakupa zinkazitha. Ndiye anamanga kalabu kuseri kwa dibi. Mwini ntchito mmenemo anali Mayi Mhango, ochokera ku Rumphi, osaseka wamba. Ankaweta maselo a ng'ombe okhala ndi kachilombo ka matenda a nkhupakupa, m'mabotolo aphwatalala, kuti aziyeserapo magazi a ziweto. Maselowo ndi tinthu tosaoneka, koma kudya kwake ngati alamu obwera osaitanidwa. Akachulukana, madzi ofiirira a m'botolo ankasanduka achikasu, ndiye kuti akufuna chakudya china. Ndiwo yake inali seramu, madzi oyera aja amayandama magazi akaundana.

Ine ndinali wotenga magaziwo. Kumanga chingwe pakhosi mtsempha utukuke, kupukuta ndi thonje la sipiriti, kulasa singano, botolo lidzaze. Ukatero uliika chopendeka magazi aundane, kenaka m'makina ozunguza, kenaka amayi aja asefe. Ndipo si ng'ombe iliyonse ayi. Panali ana a ng'ombe atatu m'khola lawolawo lotchinga ndi waya, osalumidwapo ndi nkhupakupa, osabayidwapo mankhwala.

"Abambo a Joyisi, awa okha," anatero Mayi Mhango. "Nambala ya pakhutu muzilemba pa botolo."

Tsono tiana tija tinali toonda, maso ngati tamasiye. Kwathu pamaliro ine ndi amene ankandituma kukasankha mbuzi yopha. Umagwira pamsana, umagwira pachifuwa, yonona ndiyo imapita. Kutenga yoonda ndi kunyoza anamfedwa. Ndiye m'mawa wina, amayi aja atapita ku Limbe kukatenga katundu, ndinayang'ana nkhunzi yaikulu ya m'khola lina, khosi ngati thunthu la bulugamu. Mumtima ndinati, sukulu ndi yawo, koma nyama ndimaidziwa ndine. Ndinakhetsa mabotolo awiri, n'kulembapo nambala ya kamodzi mwa tiana tija. Ndinkati maselo akanenepa ndidzaulula, andiombere m'manja.

Amayi aja atabwerako anasefa seramu n'kudyetsa maselo, koma patatha masiku atatu madzi ofiirira aja sanasinthe mtundu. Mayi Mhango anasuzumira pa maikulosikopu nthawi yaitali, n'kukhala pansi. Maselo a miyezi isanu, onse zinyenyeswazinyenyeswa. Pambuyo pake ndinamva kwa abusa a ng'ombe kuti nkhunzi ija inabayidwa mankhwala a matenda omwewo sabata yomweyo. Maselo aja ndinawathirira poizoni ndi manja angawa.

Adokotala a ziweto, omwe anali bwana wa tonsefe, anabwera masana. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Mayi, ntchito iyi imafuna manja aukhondo. Ngati yakukanikani, Lachisanu tidzakambirane za ulendo wanu."

Ine ndili pakona ndi mopu, ndikukolopa malo amodzimodzi mpaka simenti kuwala. Kukamwa kuli gwa. Ine amene pabwalo la bawo sandiletsa kuyankhula.

Masiku awiri ndinawaona amayi aja akuwiritsa chilichonse, kutsuka zotsuka kale, kuwerenga kabuku kawo mzere ndi mzere kufuna pamene anaphonya. Lachinayi anandiitana, n'kundigawira nthochi imodzi mwa ziwiri zomwe anabweretsa.

"Abambo a Joyisi, inu mumakhala nane muno. Ngati munandionapo ndikulakwitsa, musandichitire ulemu, ndiuzeni."

Nthochi ija ndinaiika pambali. Ndinanena zonse, za nkhunzi, za nambala, mpaka za abakha a ku Khonjeni zomwe sanandifunse.

Sanatukwane. Anavula magolovesi pang'onopang'ono nati, "Kusankha nkhunzi ndi umbuli, umenewo ndikanauchiza. Koma nambala ija munalemba mukudziwa. Tiyeni kwa adokotala, mukanene nokha."

Mtunda wochoka ku labu kufika ku ofesi ndi waufupi, koma ndinauyenda ngati wopita kukapepesa kwa apongozi. Amayi aja ntchito yawo inapulumuka. Ine anandibweza ku dengu langa, ndipo anzanga a m'munda anandipatsa dzina loti Adokotala a Nkhunzi. Mpaka lero ena amandiitana choncho, ine n'kumavomera, nanga ndikane bwanji.

Ndimaseka nawo, koma pali pena pomwe sindiseka. Za nkhunzi ndinazikhululukira ndekha kalekale, munthu wa Sitandade 5 anganize chiyani. Zomwe zimandiwawa ndi masiku awiri aja, munthu wosalakwa akusanthula manja ake pamaso panga. Kuyambira pamenepo ndikalakwa ndimanena tsiku lomwelo, wina asanayambe kudzikayikira m'malo mwanga.