Miyezi itatu imene tinakaitenga ku Lilongwe

Tinanyamuka pamudzi kusanache, nkhungu itakuta mapiri a Ntchisi. Amuna anga, bambo a Tadala, anali patsogolo, ine pambuyo ndi mwana kumsana, ndipo mpaka kumsewu palibe anayankhula ndi mnzake.

Nkhani yake inali iyi. Bambowa anapita kukagulitsa fodya ku Kanengo, n'kukhalitsa komweko. Atabwera, mkazi wa mnzawo amene anapita naye limodzi anandiuza za mayi wina wa kumalo ogona alendo. Tsiku lomwelo ndinawatulutsira bulangeti lawo panja, iwo n'kumagona m'chigafa cha fodya. Pamaso pa ankhoswe anavomera. Amalume anga anagamula kuti tikayezetse magazi, ndipo bambowo akapezeka opanda kachilombo ndiwatsegulire chitseko.

Dzuwa likutuluka tinakwera matola, kagalimoto kopanda denga kopita ku Mponela, makwacha khumi munthu mmodzi. Tinakhalira matumba a mtedza. Masiku amenewo anthu anali atangoyamba kulankhula zandale poyera, ndiye azibambo awiri anakangana za zipani njira yonse, fumbi likuwalowa m'kamwa. Pachitunda china galimoto inazima. Amuna onse anatsika kukakankha, ndipo ndinaona bambo a Tadala akukankha ndi dzanja limodzi, lina atagwira jekete kuti lisade. Ndinalakalaka galimotoyo itabwerera m'mbuyo pang'ono.

Pa Mponela anandigulira mbatata yootcha. Ndinaipereka kwa mayi wina wachikulire amene tinakhala naye mpando umodzi m'minibasi.

"Kodi mwadwazika mwanayu?" anandifunsa.

"Ayi, mayi. Wodwala ndi amene akutafuna apoyo."

Anawayang'ana bambowo, n'kundiyang'ana ine.

Tinadutsa pamphambano ya ku Dowa, kenaka Lumbadzi. Pa Kanengo malole a fodya anali atandandalika m'mbali mwa msewu, alimi atagona pamwamba pa mabelo. Bambo a Tadala anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Ine ndinayang'anitsitsa nyumba iliyonse yopaka laimu, kufuna kudziwa kuti ya mayi uja ndi iti.

Tinafika pamalo oyezera magazi masana. Tinadikira pabenchi, aliyense akubisa nkhope ngati wabwera kudzaba. Mlangizi amene anatiitana anali mayi wonenepa, wolankhula mosathamanga. Atamva nkhani yathu anafunsa amuna anga kuti zinachitika liti.

"Kalekale," iwo anatero.

"Mwezi uno, usanafike pakati," ndinawakonza.

Mlangiziyo anaika cholembera pansi. "Bambo, magazi titha kutenga lero, mudzamve zotsatira sabata yamawa. Koma zikadzati mulibe kachilombo, musadzavine. Ife sitiona kachilomboko. Timaona asilikali amene thupi limapanga polimbana nako, ndipo thupi limachedwa kuwapanga. Munthu amatha kukhala nako, n'kumapatsira ena, kuno osaoneka. Pakatha miyezi itatu kuchokera tsiku lomaliza lija mudzayezetsenso. Pamenepo m'pamene tinganene zodalirika."

"Miyezi itatu m'chigafa? Ndi chisanu chimenechi?" anatero bambo a Tadala.

Apo m'pamene ndinaphulika. Munthu auzidwa kuti mwina watenga imfa, iye n'kumadandaula za chisanu! Ndinawafunsa ngati anaganizako za Tadala amene akuyamwa bere langa, ngati anaganizako za mchemwali wawo amene tinamuika chaka chatha atatsala mafupa okhaokha, anthu n'kumanong'ona kuti matenda a boma. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira. Mlangiziyo sanandiletse. Nditatha anangoti, "Amayi, ngati simunakhale nawo malo amodzi chibwerereni, mwadziteteza. Pitirizani, kapena mutenge makondomu awa."

Sindinatenge. Magazi anatitenga tonse awiri.

Pobwerera, tili pa depoti, bambo a Tadala anandiyandikira n'kutsitsa mawu. "Amake Tadala, za miyezi itatuzi zithere konkuno. Ankhoswe anati zotsatira basi. Ndikadzatenga za sabata yamawa, tikawaonetse zomwezo."

Anali atamva zonse zimene ndinamva ine, khutu ndi khutu, ndipo anali wokonzeka kundilowera m'nyumba ndi pepala limene iye mwini akudziwa kuti silinena kanthu. Za mayi wa ku Kanengo uja mwina ndikanadzaiwala. Izi ayi.

Matola omaliza a ku Ntchisi tinawapeza pa Mponela dzuwa litapendeka. Tinafika pamudzi nkhuku zikulowa, n'kupeza amalume atakhala pakhonde, akudikira.

"Mwayenda bwanji? Atuluka bwino akamwiniwa?"

Bambo a Tadala anatsegula pakamwa, koma ndinawatsogolera. Ndinagwada, n'kufotokoza zonse monga anatiuzira mlangizi, kuphatikizapo zimene anandinong'oneza pa depoti.

"Ife timayesa makinawo amaona zonse," anatero amalume.

Inenso ndinkayesa choncho. Ndinapita ku Lilongwe kukafuna yankho la magazi, ndipo limenelo anandiuza kuti ndidikire. Koma za munthu amene ndinakwatiwa naye ndinazidziwa tsiku lomwelo. Amalume anadzuka, nakung'untha fumbi kuthalauza, n'kuwauza bambo a Tadala kuti miyezi itatuyo akaidikirire kwawo.