Chipewa cha Aphunzitsi pa Mpikisano wa M'mapiri

Aneba anga, mphunzitsi wopuma pantchito, amathamanga m'mawa uliwonse, koma sadutsa munthu osamupatsa moni. Amaima, kuvula chipewa, n'kunena m'Chinkhonde, "Mughonile?" Kenako amafunsa za ana ndi za mpunga. Ife timangowaseka.

Mwezi wa Juni analowa mpikisano wothamanga m'mapiri a kumtunda kwa Iponga. Tsikulo kunazizira koopsa, mvula ikuwaza, nkhungu itaphimba njira. Ife ozolowera kutentha kwa Karonga, mano ankangogundana. Anyamata amene ankapikisana nawo anatsogola, aphunzitsi n'kutsalira m'mbuyo chifukwa cha moni wawo uja.

Pamphambano aphunzitsi anapeza mayi atasenza nkhuni. Anaima n'kuvula chipewa.

"Mughonile, mama?"

"Ndagona bwino, bambo," anayankha mayiyo. "Anzanu aja angondidutsa ngati chitsa. Mphepo yagwetsa kambendera kolozera njira, ndiye iwo atsikira kumtsinje. Inu kwerani chakuno."

Aphunzitsi anafika oyamba. Anyamata anatulukira patapita ola lathunthu, matope mpaka m'mawondo, akunjenjemera. Aphunzitsi anali akuwadikirira pomalizira mpikisano, ndipo anawavulira chipewa mmodzimmodzi.

"Mughonile?"