Fyuluta ya Pepala ya Amalume

Kapepala kamene kanabwera m'katoni ya fyuluta ya galimoto ndidakali nako. Kali m'fayilo yobiriwira, pakati pa khadi langa la ubatizo ndi lipoti la Sitandade 5. Kachita chikasu tsopano, ndipo pangodya pake pali chidindo cha chala chachikulu cha amalume, chakuda ndi girisi. Ana anga amandiseka kuti sinditaya ngakhale tikiti ya basi. Aseke. Ine ndinaona nkhani ikusinthidwa ndili pomwepo.

Chinali chilimwe. Bambo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo fodya wa chaka chimenecho amayi analima okha, ine mwana wawo wamkazi ndikuwathandiza kusoka. Mabelo atatu anali pakhonde. Msika wa fodya unali kumtunda, njira ya ku Ntchisi, ndipo unali woti utsekedwe Lachisanu masana. M'mudzi mwathu, kufupi ndi Dzoole, galimoto inalipo imodzi yokha: pikiapu ya amalume, alongo awo a amayi.

Pamwamba pa injini yake panali chinthu chonga mphika wachitsulo, chimene amalume ankathiramo oyilo Loweruka lililonse. Ankati mpweya usanalowe mu injini umayamba wadutsa pa oyiloyo, fumbi n'kutsalira momwemo. Akamakhuthula ndinkasuzumira. Pansi pake pankakhala matope akuda, okhuthala, ndipo ndinkadabwa kuti fumbi la msewu wonse wa ku Mponela likukwana bwanji m'kamphika kotero.

Sabata yomweyo mphikawo unang'ambika kunsi. Amalume anakwera basi kupita ku Lilongwe. Kumeneko anapeza ziwiri: mphika wina wakale wochotsedwa m'galimoto yakufa, ndi fyuluta yatsopano ya m'sitolo. Anayima nthawi yaitali, iwo ankatero, mpaka wogulitsa anawauza kuti za mphika anthu anasiya kalekale. Anatenga yatsopano.

Inali mbale yachitsulo yonyezimira, ya chivundikiro chomanga ndi bawuti imodzi. M'kati mwake munali nkhata ya pepala lolimba, lopindapinda ngati siketi ya yunifolomu. Inkanunkhira ngati kope latsopano. Ndinayesa kuwerenga mapindowo ndi chala, koma ndinkasokonezeka chifukwa sindinkadziwa pamene ndayambira. Nditaiyang'anitsa kudzuwa, kuwala kunkadutsa pang'ono, koma bowo sindinalione ngakhale limodzi. Nanga mpweya ulowera pati?

Kapepala kaja kanali m'Chingerezi, choncho amalume anandiitana kuti ndiwerenge. Pamene ndinakakamira ndinathamangira kwa aphunzitsi, amene anamasulira ine ndikulemba kuseri ndi pensulo. Osathira oyilo. Osatsuka ndi madzi. Ikada, igogodeni pang'onopang'ono fumbi ligwe. Mizere itatuyi ndinawawerengera amalume kawiri, mokweza, amayi ali pomwepo. Ndikunena kawiri chifukwa kanali kawiri.

Kuiyika kunatenga Lachitatu lonse. Kukamwa kwa mbaleyo kunali kwakukulu kuposa khosi la kabuleta, pamene mpweya umalowera mu injini, ndiye amalume anadula chubu chakale cha njinga, n'kukulunga pakhosipo, n'kumanga ndi waya mpaka inaleka kugwedera. Ataliza injini anandiuza kuti ndiike dzanja pafupi ndi kapaipi kolowera mpweya. Chikhatho changa chinakokedwa ngati mmene mwana wa ng'ombe amayamwira chala. Ndinakuwa. Kenaka ndinathamangira kumbuyo kukaona kumene mpweyawo ukutulukira, ndipo unatuluka wotentha, wonunkha. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti galimoto imapuma.

Achinyamata a masiku ano amaika mafyuluta ofiira, osongoka, kuti galimoto izibangula podutsa pa Mponela. Mdzukulu wanga anaika yotero mwezi watha. Nditamufunsa za malangizo ake, anati anataya limodzi ndi katoni.

Lachinayi masana ine ndi amayi tinkasenda mtedza pakhonde. Amalume anatsegula boneti, n'kuchotsa chivundikiro chija, n'kuyang'ana nkhata ya pepalayo kwa nthawi ndithu. Anapukusa mutu. Anatenga chigubu cha oyilo wakale n'kuyamba kuthira mozungulira, mosamala, pindo lililonse, mpaka yonse inada. “Fumbi la kuno ndi lina,” ankatero okha. “Pepala louma lingagwire chiyani?” Zaka makumi awiri anali atathira oyilo Loweruka lililonse, ndipo dzanja lawo linakana kumvera kapepala. Ndinadzuka kuti ndilankhule. Amayi anandikoka diresi. “Khala pansi. Mtedzawu sutha wokha.”

Lachisanu tinanyamuka m'mawa, ine ndi amayi titakhala pamwamba pa mabelo. Kutsogolo kwathu kunali malole awiri, ndipo fumbi lawo lofiira linatikuta mpaka m'mano munkachita kukukutika. Poyamba galimoto inkayenda bwino. Kenaka inayamba kutsokomola, kumbuyo kukutuluka utsi wakuda. Pa chitunda chachikulu, msika ukuonekera kale chapatali, inalira mofooka n'kuzima. Amalume analumpha kukaika mwala kutayala.

Atatsegula, nkhata ija inali itasanduka chibuma cha dothi lonyowa. Mapindo onse anali atatsekeka. Ndinaikhudza ndi chala, ndipo inali yofunda, yomata. Amalume anaiponya kumbuyo kwa pikiapu, pa mabelo. Anati injini ingathe kulira popanda iyo, koma pa fumbi lotere ikhoza kumeza mchenga n'kuwonongeka tisanafike. Dzuwa linali litatsala pang'ono kufika paliwombo. Amayi anavula duku lawo pamsewu pomwepo, anthu akudutsa, n'kupatsa amalume. Sindinali nditaonapo mutu wa amayi uli pamtunda kunja kwa nyumba. Amalume analipinda kawiri, n'kulimanga pakhosi pa kabuleta ndi waya uja. Galimoto inalira, n'kukwera chitundacho pang'onopang'ono. Tinafika ogula akufuna kupachula sikelo, ndipo mabelo athu anali omaliza kuyezedwa.

Titabwerera, amuna a m'mudzi anasonkhana pagalimoto kuti amve za ulendo. Amalume anawaonetsa chibuma chija, n'kundiloza. “Mwanayu ndiye anandisocheretsa. Za oyilo sanandiuze. Sukulu za masiku anozi!” Anthu anaseka. Mpaka lero kuseka kumeneko sindinakuiwale. Ndinatsegula pakamwa, koma amayi anali atandigwira kale padzanja, zala zawo zitalowa m'mnofu.

“Gwada, upepese amalume ako.”

Ndinagwada pafumbi n'kupepesa. Madzulo ake amayi anapha nkhuku, n'kukapereka okha kwa amalume, atagwada nawonso. Ndinawamva akunena motsitsa mawu: “Achimwene, mwatithandiza. Chaka chamawa musadzatitaye.”

Chaka chamawa ine sindinkachiganizira. Sindinkadziwa kuti fodya adzalimidwanso, kuti chitunda chija chidzakhalapobe, ndi kuti m'mudzi mwathu simudzabwera galimoto yachiwiri. Ndinangoganiza kuti amayi aiwala zimene anaona Lachinayi, ndipo kwa masiku ambiri ndinkawamvera chisoni kuti ayamba kuiwalaiwala asanakalambe.