Mphika umene unatuluka m'manda a mchimwene wanga

Ndinadzuka kusanache, thupi litauma ndi chisanu cha mu Juni. Amayi a Umanyano, gulu la azimayi a mpingo, anali akuimbabe motsitsa mawu m'nyumba mmene munagona mchimwene wanga. Iye anamwalira mwadzidzidzi atangobwera kuchokera ku Joni, ndipo pa maliro ponse anthu ankanong'onezana kuti imfa yotere siyibwera yokha.

Kuseri kwa khola moto unali utayaka kale. Azimayi ankatunga madzi, amuna akusenda ng'ombe imene bambo anapereka. Nkhungu inali itaphimba mudzi wonse, moti anthu ochokera ku Edingeni ndi ku Boma tinkayamba tawamva kutsokomola tisanawaone. Ena anabwera pa lole ya matabwa kuchokera ku Luwawa, kumene malemu anagwirako ntchito asanapite kunja.

Dzuwa litakwera pang'ono, mmodzi wa okumba manda anabwera akuthamanga, dothi lili m'mutu. Anati khasu lagunda chitsulo. Tinapita tonse, ngakhale ife akazi amene sitiyenera kufikako nthawi imeneyo.

Pambali pa dzenje panali mphika wachitsulo wamiyendo itatu, chivundikiro chake chomatidwa ndi phula. Palibe anaukhudza. Munthu wina kumbuyo anati, "Mbwenu taona chimene chamudya mnyamata." Maso onse anatembenukira kwa azakhali anga, alongo awo a bambo. Iwo ndi okalamba, alibe mwana, ndipo kanyumba kawo ndi komaliza kufupi ndi manda. Ndinaona anyamata akuwerama kutola miyala. Tonse tinamvapo zimene zimachitikira nkhalamba pa maliro ngati awa.

Bambo anaima kutsogolo kwa mlongo wawo. Azakhali anawakankhira pambali n'kugwada pa mphikawo.

"Ndipatseni nkhwangwa," anatero. "Muli chibangili changa umu."

Phokoso linakula. Mwala umodzi unagwa pafupi ndi phazi langa. Azakhali anatola mwala womwewo n'kuyamba kugogoda phula lija, uku akulankhula ngati akudziuza okha. Anati manda asanafike kuno, pamalopa panali sukulu yoyamba ya udzu, msika usanasamukire kumsewu. Chaka chimene sukulu inkasamuka, aphunzitsi anauza ana kuti aliyense aike kanthu mumphika, kuti obwera m'tsogolo adzadziwe mmene ankakhalira.

Chivundikiro chitatseguka, anthu anabwerera m'mbuyo, ena anathawa. Munatuluka sileti losweka, belu la ng'ombe, mawere osanduka fumbi, chibangili chaching'ono chawaya ndi ting'ombe toumba ndi dothi.

Kenaka mkulu wina woyendera ndodo anadzipanikiza pakati pa anthu, natola kang'ombe kopanda nyanga imodzi. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Aka ndinaumba ndine," anatero. "Ndinalira chomene tsiku limenelo, sindinkafuna kukasiya."

Anatchula anzake amene anaikamo zinthu, ndipo ambiri mwa iwo anali atagona m'manda momwemo. Miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi kuchoka m'manja mwa anyamata aja. Koma si onse anaitaya, ndipo ndinamva mayi wina akuti nkhalamba zimabisirana.

Masana tinanyamula bokosi. Linali la matabwa a paini, ndipo anzake a ku Luwawa ndiwo analisenza. Kunayamba kuwaza mvula yopyapyala yozizira. Ine sindinalire mchimwene wanga monga zinayenera. Njira yonse ndinagwira dzanja la azakhali, maso anga ali pa manja a anthu. Abusa anafupikitsa ulaliki. Dothi litabwezedwa, akuluakulu a mpingo anatenga mphika uja kuti akausunge kusukulu yatsopano.

Anthu anadya mofulumira n'kubalalika kusanade. Madzulo m'nyumba munatsala mphasa zopindidwa ndi fungo la utsi. Bambo anakhala pakhonde. Azakhali tinawaletsa kupita kwawo, ndipo sanatsutse. Ndinawayalira m'chipinda changa, n'kutsamiritsa mtondo pachitseko. Nditawapatsa bulangete ndinaona kuti sanavule nsapato.

"Vulani, azakhali, mugone," ndinatero.

"Yewo, mwanangu," anayankha. "Ndivula mawa."