Patapata za pa bedi lachinayi

Pachipatala ponse ankamutcha Tulukani. Ntchito yake inali imodzi: nthawi yoona odwala ikatha, kuliza belu ndi kutulutsa anthu m'wodi ya amayi.

Munthu sankamugwira, ayi. Zaka makumi awiri zinamuphunzitsa kuti ukakoka dzanja umaputa ndewu, koma ukanyamula chikwama mwini wake amatsatira yekha. Ankangotola chikwama, fulasiki, ngakhale nsapato zovulidwa pansi pa bedi, n'kukaziunjika pakhonde. Mwini wake akatuluka kukatenga, chitseko gwa!

"Achimwene, mphindi ziwiri zokha, mayi anga sanadye."

"Mphindi zanuzo mudzazipeza madzulo, siziwola," ankayankha choncho, makiyi akulira m'thumba.

Njira imeneyi anaphunzitsanso mnzake wosinthana naye, mayi wina wamtali wosakonda zolankhula, amene ankangoitanana naye kuti alamu.

Kenako mkazi wake anadwala impso. Anamugoneka pa bedi lachinayi, pafupi ndi zenera lomwe silinkatseguka. Tsiku lachitatu Tulukani sanali pantchito. Anabwera masana ngati wina aliyense, atavala malaya akunyumba, jumbo ya zovala kumanja. Mkaziyo anali atasiya kulankhula, ankangomufinya chala.

Belu linalira. Anali asanalimvepo ali pampando wa woona odwala, ndipo anadabwa kuti limapweteka m'mano.

Mnzake uja ankabwera bedi ndi bedi. Tulukani, mwini njira, anaponda jumbo ndi phazi, fulasiki n'kuipanira m'khwapa.

"Alamu, musandiike m'mavuto," anatero mayiyo. "Asisitala akuyang'ana."

"Mphindi ziwiri zokha."

Mayiyo anaona jumbo, anaona fulasiki. Anawerama, natola patapata za wodwala, n'kumapita.

Tulukani anadzambatuka. M'wodi imeneyo katundu wa wodwala ankatulutsidwa pakhonde pa chifukwa chimodzi chokha, ndipo iye anali atatulutsapo wambiri.

"Iyayi, mlamu! Akadali moyo!"

Anasolola chala chake m'dzanja la mkazi wake n'kuthamangira patapatazo. Atangowerama pakhonde, kumbuyo kwake chitseko gwa!

Anakhala pabenchi maola anayi, patapata pamiyendo. Chitseko chitatsegulidwa, anapeza bedi lachinayi lilibe nsalu, matiresi akupukutidwa.

Maliro atatha anabwerera kuntchito, poti lamulo silinafe nawo. Belu amalizabe, zikwama amanyamulabe. Koma nsapato amazilambalala, ndipo ena anazindikira kale: amabwera opanda chikwama, n'kukhala mpaka asisitala atakalipa.